Jelly wa pa Khirisimasi amafuna ugone kunyumba

Mwezi uno nkhani zathu zimakhala zitatu basi: randi ikugulidwa bwanji, mzere wa pa Beitbridge wafika pati, ndi basi iti idakali ndi malo a katundu. Lero ndiloleni ndilembeko za kanthu kopepuka, ka magalamu 80 okha, kamene ambiri timangokaponya pakona pa chikwama kuti katseke mpata. Ndikunena paketi ya jelly. Ma admin musafufute, muli geni m'nkhaniyi, mulinso banja.

Ine ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Blantyre, ndipo msewu wa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Johannesburg ndauyenda zaka zoposa 15. Ndimaoda mabulangete, nsapato ndi ziwiya za m'khitchini. Kukonza jelly ndinaphunzira kwa achemwali anga amene anagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg zaka zambiri. Ku Joni, Khirisimasi yopanda mbale ya trifle kapena jelly ndi kasitadi ili ngati ukwati wopanda mpunga, kaya ndi kwa azungu kaya ku Soweto. Ife kwathu tinakula ndi Khirisimasi ya mpunga, nkhuku, buledi wopaka Stork ndi Sobo, ndipo chotsekemera cha pambuyo pa chakudya chinali mango a pamtengo wa kuseri kwa nyumba. Sindikunyoza, mpaka lero mango ndimawakonda. Koma chilowereni mbale ya jelly pakhomo pathu, ana a abale onse amafunsa za iyo asanafunse n'komwe za nsapato zomwe ndawabweretsera.

Katundu yense amene timabwera naye amangofuna ndalama. Diresi la mwana, foni ya bambo, bulangete la apongozi, umatsitsa m'basi, kupereka, anthu n'kuwomba m'manja, nkhani yatha. Ukhoza kufika 10 koloko mmawa wa pa 25 fumbi lili m'tsitsi, mphatsozo zigwirabe ntchito yake. Jelly yekha ndiye amakana zimenezo. Kuti agwire amafuna maola osachepera 4 mu fuliji, ndipo ukafuna wa mizere itatu, wofiira pansi, wachikasu pakati, wobiriwira pamwamba, mzere uliwonse umadikira kuti unzake ulimbe kaye. Ndiye kuti pa 24 madzulo uyenera kukhala uli m'khitchini mwako, ketulo ili pa mbaula, ana akulimbirana wotsegula paketi. Palibe runner amene angakuthamangitsire zimenezi, palibenso woti ungamupatse ya Fanta kuti jelly agwire msanga.

N'chifukwa chake ine ulendo womaliza wa chaka ndimaonetsetsa kuti pofika pa 20 Disembala ndikhale nditadutsa pa Mwanza. Ndikudziwa zomwe ena mukuganiza. Sabata yomalizayo ndiyo ya ndalama, anthu alandira mabonasi, chilichonse chimene waika pa benchi chimayenda. Anzanga amene amabwereranso kukatenga katundu wina amapeza zomwe ine sindipeza, ndipo mu Januwale fizi amalipira osatuluka thukuta, pomwe ine ndimawerenga kawiri. Sindikuwaweruza, aliyense amadziwa ngongole yake ya kubanki mkhonde. Koma ine ndinakhala pansi n'kuwerengera china. Mwana wanga woyamba ali ku koleji, wachiwiri ali Fomu 3, wotsiriza Sitandade 6. Makhirisimasi otsala oti atatu onsewa agone pakhomo limodzi sakwana zala za dzanja limodzi. Mabulangete ku Joni ndidzawapeza.

Tsopano za kanyamulidwe, poti ndiyo ntchito yathu. Nyamulani ufa, musanyamule madzi. Kasitadi wa m'makatoni uja wokonzakonza, monga Ultra Mel, ndi wokoma ndithu, koma lita imodzi ndi kilo yathunthu ya katundu, ndipo katoni ikapanikizika pansi pa mabelo mu ngolo ya basi imaphulika n'kuononga zovala za eni ake. Chitini kapena paketi ya ufa wa kasitadi imakwanira phwando lonse, mkaka mukaupeza kwathu. Mapaketi a jelly, kaya a Moir's kaya ena, adani ake ndi awiri: chinyezi ndi fungo. Disembala ndi wa mvula, tenti ya pa ngolo imadontha, ndipo ufa uja ukangomva chinyezi umaumbika ngati mwala. Musauikenso chikwama chimodzi ndi sopo wa ufa kapena mafuta onunkhira, chifukwa jelly wa fungo la sopo ngakhale mwana wadyera amamulavula. Ine ndimaika mu kandowa ka pulasitiki kokhala ndi chivindikiro, kandowako n'kukhala pakati pa mabulangete. Onani deti pa bokosi musanapikule, makamaka mukapeza zotchipa modabwitsa, ndipo zilembeni pa mndandanda wa katundu pamodzi ndi zina zonse, risiti ili pafupi. Komanso tisanamizane, jelly amapezeka m'masitolo akuluakulu a ku Limbe, Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka. Ngati mukufuna mapaketi anayi okha a pakhomo, palibe chifukwa chowayendetsera mayiko atatu.

Kakonzedwe kake n'kosavuta, koma anthu amagwa pa tinthu ting'onoting'ono. Paketi imodzi imatulutsa pafupifupi theka la lita: kapu imodzi ya madzi owira, kapu ina ya madzi ozizira. Thirani madzi owirawo pa ufa m'mbale, takasani mpaka pansi pasatsale mchenga wa shuga, kenako thirani ozizira. Musamuike pamoto kuti abwate ngati phala, kubwatitsa kumamufooketsa. M'nyengo yotenthayi ine kapu yachiwiri ija sindidzaza, ndimasiya pang'ono kuti alimbe bwino. Theka la lita ndi timakapu tisanu ta mamililita 100, ndiye anthu 30 ndi mapaketi 6, pokhapokha ngati pali anyamata a Fomu 3.

Madzi ozizirawo ndikufuna ndiimepo pang'ono. Timasamala owira, oziziraŵo n'kungotunga mu ndowa ya pakhonde. Abale, Khirisimasi imagwa m'nyengo ya mvula, ndipo tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023 momwe anatisautsira m'Malawi. Jelly saphikidwanso akatha kusakanizidwa, chimene chalowa ndi madzi aja chimafika m'mimba mwa mwana aliyense wa pa phwando. Wiritsani madzi onse mmawa, ena muwasiye azizire atavindikiridwa. Chimodzimodzi ayisi: ngati simukudziwa madzi amene anapangira, aikeni kunja kwa mbale kuti aziziziritsa, asalowe mkati.

Za zipatso. Disembala chinanazi cha ku Mulanje chimakhala mbwee, mapapaya ali pabwalo, ndiye mtima umafuna kudula n'kuponyamo. Chinanazi chachiwisi ndi papaya zili ndi mphamvu ina imene imadula gelatine, chinthu chimene chimagwiritsa jelly. Ndi mphamvu yomweyo imene imafewetsa nyama yolimba mukaikulunga m'masamba a papaya. Mukaikamo zosaphika, jelly akhala madzi ngakhale agone mu fuliji sabata yathunthu. Kiwi ndi jinja wamuwisi amachitanso chimodzimodzi. Moto umapha mphamvuyo, n'chifukwa chake chinanazi cha m'chitini sichivuta. Ngati muli ndi chachiwisi, chiduleni tizidutswa, muchiwiritse ndi shuga pang'ono mphindi zingapo, chizizire, basi chakhala ngati cha m'chitini ndipo mwapulumutsa ndalama ya chitini cha KOO. Nthochi, maapozi, malalanje osenda bwino ndi mapichesi a m'chitini zimalowa popanda mlandu. Musaziike jelly adakali madzi, chifukwa nthochi zimayandama ndipo za m'chitini zimamira zonse pansi. Dikirani ayambe kukhuthala ngati choyera cha dzira, pamenepo chipatso chimaima pomwe mwachisiya.

Mdani wamkulu kwathu kuno ndi kutentha ndi magetsi. Gelatine amayamba kusungunuka kutentha kukamayandikira madigiri 35, n'chifukwa chake amasungunuka mkamwa osatafuna. Tsono ganizani za Tete masana a Disembala, kapena Nsanje, Chikwawa ndi Salima. Chaka china m'basi munali mayi amene anapatsidwa mbale ya trifle ndi abwana a mwana wawo, atakulunga bwinobwino mu cooler box, kuti akadye ndi adzukulu ku Balaka. Pa Beitbridge tinagona pamzere. Pofika pa Nyamapanda ayisi anali atasanduka madzi ofunda, ndipo tisanaoloke Zambezi mbale ija inali thobwa lofiira lonunkha mkaka wosasa. Anaitaya pa Zobue misozi ili m'maso. Jelly wopangapanga saoloka boda, ndipo wa kasitadi kapena kirimu akakhala pa kutentha maola opitirira awiri ndi woopsa kudya ngakhale akuoneka bwino.

Magetsi akakhala ozimazima, konzani usiku pamene abwera, ndipo muuze ana kuti chitseko cha fuliji si cha bafa. Fuliji yosatsegulidwa imasunga kuzizira maola angapo. Timakapu ting'onoting'ono ndi mbale zachitsulo zimagwira msanga kuposa beseni lalikulu la pulasitiki. Kumudzi kopanda fuliji ine ndimagula ayisi pa trading centre, kumuika mu cooler box, timakapu pamwamba, bulangete kukuta, ndipo pofika mmawa jelly amakhala atagwira. Mtsuko wokwirira mu mchenga wonyowa umaziziritsa madzi akumwa, koma kuzizira kwake sikukwanira jelly m'mwezi uno. Ndipo mukapempha malo kwa aneba ogulitsa mafilizesi, muwauze asaike mu freezer. Jelly akaundana ngati mwala, posungunuka amatuluka madzi n'kukhala ngati siponji yakale.

Palinso nkhani imene ambiri sitiifunsa, koma ikhoza kuswa chibale. Gelatine amapangidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, nthawi zina ng'ombe, nthawi zina nkhumba. M'banja mwathu mchimwene wanga anakwatira ku Mangochi, alamu anga ndi Asilamu, ndipo amabwera kudzacheza nafe pa Khirisimasi monga ifenso timapita kwawo pa Idi. Tili ndi azakhali a mpingo wa Seventh Day amenenso nkhumba sayandikira. Munthu wotere ukamupatsa mbale yofiira yonyezimira, sangaganize kuti mungakhale nyama, amadya pokukhulupirira iwe. Ndiye udindo uli pa wogula. Ku South Africa mapaketi ambiri a zakudya amakhala ndi chidindo cha halaal, monga cha SANHA kapena cha MJC. Tembenuzani bokosi muone, ndipo bokosilo musalitaye, mukafike nalo kuti alamu adzionere okha. Ine ndimaliika pambali pa mbale osalankhula zambiri. Chaka choyamba alamu analitenga, kuliwerenga, n'kundiuza kuti, "Alamu, mwatilemekeza." Kuyambira pamenepo ana awo ndi amene amatsogola pamzere.

Ngati chidindo palibe, kapena mukufuna kupewa mafunso onse, m'masitolo a amwenye ku Fordsburg funsani China grass, ena amati agar agar. Ameneyu amachokera ku ndere za m'nyanja, mulibe nyama. Kakonzedwe kake n'kosiyana: amafuna abwate pamoto mphindi zochepa mukutakasa, pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi ya ufa pa kapu imodzi ya madzi kapena mkaka. Ubwino wake kwa ife ndi wakuti amagwira ngakhale popanda fuliji ndipo dzuwa la ku Chikwawa silimusungunula. Kuipa kwake, sanjenjemera. Amadulika ngati chikondamoyo chofewa, ndipo ana anga amati jelly wosavina si jelly. Akuluakulu sadandaula.

Kwa odwala shuga, dziwani kuti paketi ya jelly wamitundu uja gawo lalikulu ndi shuga. Apongozi anga ndimawapangira kambale kawo ndi gelatine wopanda kukoma, amene amagulitsidwa m'timapaketi ta magalamu 10 tokwanira pafupifupi theka la lita. Mumayamba mwamuviika m'madzi ozizira pang'ono kuti afufume, kenako n'kumusungunula ndi otentha. Ndi ameneyu mukhoza kupanga jelly wa zakwathu: madzi a chidede amatuluka ofiira kuposa wa m'sitolo, a malambe amafuna gelatine wochulukirapo chifukwa ndi owawasa, ndipo ngakhale Sobo wosungunula amagwira bwinobwino.

Achemwali anandiphunzitsanso za masaladi a jelly amene azungu a kumeneko, makamaka Mabunu, amaika patebulo limodzi ndi nyama yozizira. Wina ndi wa karoti wopala ndi chinanazi cha m'chitini mu jelly wa lalanje. Wina ndi wa bitiruti mu jelly wofiira wothira viniga. Palinso wa nkhaka ndi mayonezi mu jelly wobiriwira. Wa karoti uja kwathu amayenda, pambali pa mpunga wa Kilombero ndi nkhuku yootcha amakoma ndithu, ndipo amakongoletsa tebulo pa chinkhoswe. Wa mayonezi ine ndinamusiyira eni ake. Agogo athu atamuona anafunsa kuti, "Kodi izi ndi ndiwo kapena ndi sopo?" ndipo palibe amene anali ndi yankho.

Chimene chimatha msanga pakhomo pathu ndi trifle, ndipo safuna luso. Pansi pa mbale mumayala keke yotsala, Swiss roll kapena mabisiketi a Tennis, kuwazapo madzi a m'chitini cha zipatso, kenako zipatsozo, jelly wogwira kale woduladula, kasitadi wozizira pamwamba. Kasitadi akakhala wotentha amasungunula zonse zapansi, ndiye mumuphike masana, mumuvindikire kuti asachite chikopa. Alendo akachuluka kuposa mapaketi, ikani chitini cha Ideal Milk mu fuliji usiku wonse, mawa lake muchipuntha ndi foloko kapena whisk mpaka chichite thovu, n'kusakaniza ndi jelly amene wangoyamba kukhuthala. Mbale imodzi imafufuma kukhala ngati ziwiri, ndipo palibe amene amadziwa kuti munali kubisa kuchepa.

Amene mukufuna geni, timakapu ta jelly ndi kasitadi timayenda pa maukwati, ma bridal shower ndi maphwando a ana a sukulu za mkaka. Timakapu tokhala ndi zivindikiro ndi timasipuni take n'topepuka, timalowetsana, sitidya malo m'chikwama. Koma musalandire oda musanadziwe kuti pa holo pali fuliji kapena ayi, komanso chakudya chidzagawidwa nthawi yanji. Maukwati athu pologalamu imati 1 koloko, perekaniperekani n'kutha 5 koloko. Timakapu 200 tosungunuka ndi dzina lanu loonongeka tauni yonse, ndipo mwini ukwati sadzakumbukira kuti anachedwetsa ndi iyeyo. Ine ndimagwirizana nawo kuti ndidzafika ndi ma cooler box anga nthawi yogawa itayandikira, ndipo mtengo wa ayisi ndimauika mu oda momwemo.

Inu a dalaivala ndakusungirani kumapeto chifukwa ndikudziwa kuti zanga za pa 20 Disembala kwa inu ndi nthano. Tsiku lofika kunyumba simusankha inu, amasankha ndi mapepala a katundu ndi mzere wa pa Kasumbalesa, Chirundu kapena Nakonde. Choyamba, mukaitanidwa kudya kwa anzanu ku Joni kapena ku Harare m'masiku amenewa, funsani ngati mu trifle muli sherry, chifukwa ambiri amathiramo mowa umenewu mosaumira, ndipo inu muli ndi chiwongolero mawa lake. Chachiwiri, mapaketi a jelly gulani pa ulendo wa Novembala mukasiye kunyumba, ufa wouma suonongeka. Auzeni amayi a kunyumba kuti pa 25 apange ndithu ana adye, koma mapaketi awiri asatsegule. Kaya mufika pa 28 kaya pa 3 Januwale, mukangodinditsa pasipoti pa Zobue imbani foni aike madzi pamoto. Ndi nthawi imene thiraki imatha pa Mwanza kudikira mapepala, kuphatikiza makilomita pafupifupi 100 okafika ku Blantyre ndi kukasiya galimoto ku yadi, mukapeza atagwira, mwinanso wa mizere iwiri.